Akakukanirani waranti ya galimoto yapamwamba ku Joni, tsatani njira iyi

Abale athu ambiri amene akhazikika ku South Africa afika pogula BMW, Mercedes-Benz, Audi kapena Land Rover kwa dealer, kampani yogulitsa magalimoto. Ena amagula yatsopano, koma ambiri amagula yoyendako kale imene ikadali m'waranti. Chimene chimawalimbitsa mtima posayinira ngongole ya zaka 5 kapena 6 ndi lonjezo loti galimotoyo ikadzavuta, kampani idzakonza. Ndiye tsiku limafika. Injini yagogoda pa N1, kapena giyabokosi yangosiya kulowa magiya, galimoto yakokedwa kupita kwa dealer, ndipo patapita masiku angapo akukuimbirani foni kuti kampani yakana, mukonzetsa ndi ndalama zanu. Pa galimoto zamtunduwu, injini yokha imatha kudya ndalama zoti munthu n'kugulira galimoto ina.

Zikatere ena amapsa mtima n'kukakalipira wolandira alendo amene sakudziwapo kanthu, ena amangogwa ulesi n'kukakongola ndalama. Alipo amene amaopa kuti poti ndi obwera, mawu awo sangamveke. Mantha amenewo achotseni. Lamulo loteteza ogula m'dzikolo, Consumer Protection Act ya 2008, limateteza aliyense amene wagula katundu kwa wabizinesi, ndipo silifunsa kuti kwanu n'kuti. Komanso mlandu wa waranti kawirikawiri umagona pa mafunso awiri: ndime ya pangano imene akuti mwaiphwanya ndi iti, nanga umboni woti kuphwanyako ndi kumene kwawononga galimoto uli kuti? Zonse zimene ndikulongosola apa ndi njira yoikakamizira kampani kuyankha mafunso awiriwa polemba.

Choyamba, galimoto isakhudzidwe

Umboni wa mlandu wanu uli m'galimoto momwemo: mu oyilo, m'mafuta a m'thanki, m'chitsulo chimene chathyoka, ndi m'kompyuta ya galimoto imene imasunga vuto lililonse pamodzi ndi makilomita amene linaonekera. Akangotsitsa oyilo n'kumutaya, akafufuta zimene kompyuta inasunga, akatumiza chitsulocho kwina, mwatsala ndi mawu a pakamwa basi. Choncho tsiku lomwelo lembani imelo kwa dealer yonena kuti simukugwirizana ndi kukanako, kuti asakonze kapena kumasula china chilichonse musanavomere polemba, kuti asafufute za m'kompyuta, ndiponso kuti asunge oyilo, mafuta ndi zitsulo zonse zimene achotsa.

Lamulo lili kumbali yanu pamenepa. Gawo 15 la Consumer Protection Act likuti wokonza sangakulipiritseni ntchito imene simunaivomereze mutaona mtengo wake. Gawo 67 likuti zitsulo zochotsedwa m'katundu wanu ziyenera kusungidwa n'kubwezedwa kwa inu, kupatula ngati ntchitoyo yalipiridwa ndi waranti kapena inshuwalansi imene ikufuna zitsulozo. Ngati akana kulipira ndipo mukulipira ndinu, zitsulozo n'zanu.

Nthawi zina adzanena kuti sangadziwe chimene chavuta pokhapokha atamasula injini, ndipo kuti waranti ikakanidwa ndalama yomasulirayo mulipira ndinu. Izi zimachitika ndithu. Musavomere musanaone mtengo wake papepala, ndipo pemphani kuti inu kapena katswiri wanu akhalepo pomasulapo. Funsaninso ngati alipiritsa ndalama ya malo galimoto ikakhalitsa pagalaja pawo, chifukwa ndalama imeneyi imakula mwakachetechete ndipo yagonjetsa anthu amene mlandu wawo unali wabwino. Pitani mukajambule makilomita, nyale zimene zayaka padashibodi, ndi galimoto yonse mbali zonse.

Chachiwiri, dziwani kuti wakukanirani ndani ndipo pa pepala liti

Anthu ambiri amati "waranti" potchula zinthu zosiyana, ndipo kusokoneza kumeneku kumachititsa kuti akagogode pakhomo lolakwika.

Pali waranti ya kampani yopanga galimoto. Iyi imalonjeza kukonza chimene chawonongeka chifukwa cha kapangidwe kapena chitsulo chosalimba. Pali pulani ya sevisi ndi kukonza, imene BMW amaitcha Motorplan, Mercedes-Benz amaitcha PremiumDrive, Audi amaitcha Freeway Plan. Pa galimoto yatsopano mapulani amenewa kawirikawiri amakhala a zaka 5 kapena makilomita 100 000, chimene chayamba kukwana, ndipo amalipira zinthu zambiri zimene waranti salipira. Zimatheka chinthu kukanidwa pa waranti pamene pulani imayenera kuchilipira, choncho mapepala onse awiri awerengeni.

Palinso waranti yowonjezera imene dealer anakugulitsani pambali n'kuilowetsa m'ngongole. Zambiri mwa izi ndi inshuwalansi ya kampani ina yapadera, imene sinapange galimotoyo. Ngati wakana ndi ameneyu, njira yanu ndi ina, ndipo ndiifotokoza kutsogoloku.

Pomaliza pali chitetezo chimene lamulo limapereka ngakhale palibe pepala lililonse. Gawo 55 likuti muli ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wopanda vuto, wotha kugwira ntchito kwa nthawi yoyenera. Gawo 56 likuti vuto likaoneka pasanathe miyezi 6 chilandirireni katunduyo, mutha kumubweza, ndipo mwini kusankha ndinu kuti akonze, asinthe, kapena abweze ndalama. Wopanga, woitanitsa ndi wogulitsa onse ali ndi udindo umenewu. Akakonza, koma pasanathe miyezi 3 vuto lomwelo labwerera kapena labuka lina, ayenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Gawo 57 limaperekanso miyezi 3 pa chitsulo chimene chaikidwa pokonza ndi ntchito yake. Izi zimakhudza ngakhale galimoto yoyendako kale yogula kwa dealer. Sizikhudza galimoto yogula pa okushoni kapena kwa mnzanu amene sachita bizinesi yogulitsa magalimoto, ndipo sizikhudza vuto limene anakuuzani momveka musanagule inu n'kuvomera. Dziwaninso kuti makhoti sabweza galimoto chifukwa cha tizinthu ting'onoting'ono monga kaphokoso ka m'chitseko. Vuto liyenera kukhala lenileni.

Ngati galimoto yanu sinathe miyezi 6 m'manja mwanu, kalata yanu iyambire pa lamuloli, za waranti zibwere pambuyo. Dealer sanganene kuti "kampani yakana" n'kusamba m'manja, chifukwa amene anakugulitsani ndi iyeyo.

Chachitatu, kukanako kulembedwe

Musatsutse zimene mwangomva pafoni. Amene amakuimbirani ndi wolandira makasitomala ku sevisi, ndipo iye amangonena zimene wauzidwa. Dealer amatumiza pempho la waranti ku likulu la kampani, pamodzi ndi zithunzi ndi lipoti la makaniko, ndipo chigamulo chimachokera kumeneko. Nthawi zina pempholo silinatumizidwe n'komwe, dealer wangoganiza yekha kuti likakanidwa. Ndiye funsani mosapita m'mbali: kodi pempho linapita? Nambala yake ndi chani? Wakana ndi dealer kapena likulu?

Pemphani polemba zinthu izi: kalata yokana yotchula ndime imene akudalira, job card yonse (pepala limene galaja imalembapo dandaulo lanu ndi ntchito imene yagwira), lipoti la makaniko lonena chimene chawonongeka ndi chimene akuti chachititsa, zithunzi zimene anatumiza, ndi pepala losindikiza la zimene kompyuta yawo yoyezera inawerenga. Ku BMW kompyutayi ndi ISTA, ku Mercedes-Benz ndi XENTRY, ku Audi ndi ODIS. Mwina sadzakupatsani zonse, koma kukana kwawo kupereka kukalembedwa, nakonso ndi umboni umene udzakuthandizeni kwa ombudsman, ofesi yoima payokha yomva madandaulo a ogula.

Mukayankhulana pafoni, tumizani imelo yaifupi yobwereza zimene mwagwirizana, dzina la munthuyo ndi tsiku. Malamulo a ku South Africa amalola munthu kujambula mawu a foni imene iye mwini akuyankhulapo.

Chachinayi, sonkhanitsani mbiri ya galimoto

Ikani pamodzi pangano logulira, buku la waranti la chaka chimene galimotoyo inagulitsidwa koyamba, pepala la pulani, malisiti onse a sevisi, ndi mbiri ya sevisi ya pakompyuta, poti magalimoto amenewa ambiri salinso ndi buku lodinda sitampa. Dealer angathe kukusindikizirani mbiriyo pogwiritsa ntchito VIN, nambala ija ya zilembo ndi manambala 17. Onjezerani malisiti a mafuta kapena sitetimenti ya kubanki yoonetsa kumene munathira, ndi lisiti la amene anakoka galimoto.

Chimene ndimachiona chamtengo wapatali kuposa zonse ndi ma job card akale. Ngati munadandaulapo kale kuti injini ikudya oyilo, kuti madzi akuchepa, kuti giya ikugwedeza, iwo n'kulemba kuti sanapeze vuto, pepala limenelo likusonyeza kuti vuto linayamba kale ndipo munalinena nthawi yake. Limathandiza ngakhale pamene waranti yangotha kumene. N'chifukwa chake posiya galimoto ku sevisi muziwerenga job card musanasayine, muone ngati dandaulo lanu lalembedwa monga mwalinenera.

Funsaninso ngati VIN yanu ili pa mndandanda wa magalimoto oitanidwa kuti akakonzedwe chifukwa cha vuto la kufakitale. National Consumer Commission, bungwe la boma loteteza ogula, imalengeza zoterezi. Ngati chitsulo chimene chawonongekacho chili pa mndandanda umenewo, nkhani yasintha.

Kenako lembani tsamba limodzi la masiku motsatana: kugula, sevisi iliyonse ndi makilomita ake, tsiku limene nyale inayaka, chimene munachita, tsiku limene anakana. Lembani zoona zokhazokha, chifukwa kompyuta ya galimoto idzatsutsa bodza lililonse ndipo bodza limodzi limaipitsa zoona zonse.

Chachisanu, fufuzani chifukwa chimene apereka

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo m'pofunika kudziuza zoona nokha musanakatsutse wina.

Chifukwa chofala ndi chakuti munapititsa galimoto ku galaja ya kunja. Kuyambira pa 1 July 2021, malangizo okhudza kukonza magalimoto ochokera ku Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amalola mwini galimoto kukachititsa sevisi kwa makaniko woima payekha, ngakhale kuikitsa zitsulo zosachokera kwa kampaniyo, waranti osafa. Malangizowo akuti ngati ntchito ya makaniko wakunjayo kapena chitsulo chake chawononga chinthu, kampani ingakane chinthu chimenecho, koma waranti ya mbali zina zonse ikhalabe yamoyo. Ndiye ngati munasinthitsa mabuleki ku galaja ya ku Booysens ndipo chafa ndi sikirini ya padashibodi, afunseni kuti mabuleki akhudza bwanji sikirini. Koma dziwani kuti kampani siikakamizidwa kulipira sevisi yochitikira kunja, ndipo galaja yakunjayo iyenera kuti inalemba ntchito yake bwinobwino: tsiku, makilomita, zitsulo, ndi mtundu wa oyilo. Oyilo ndi amene amagwetsa anthu. Kampani iliyonse ili ndi muyezo wake, monga Longlife-04 ku BMW, 229.5 kapena 229.51 ku Mercedes-Benz, 504 00 ndi 507 00 ku Audi. Lisiti longoti "oyilo malita 7" silikutetezani. Bwererani ku galajayo akakulembereni dzina la oyilo ndi muyezo wake. Zikapezeka kuti analakwitsa ndi iwo, mlandu wanu ukhale ndi iwowo.

China ndi chakuti sevisi inachedwa. Onani m'buku ngati muli malire a makilomita kapena masiku amene amalola kupitirira. Onani ngati kuchedwako kunachititsidwa ndi dealer mwini, amene analibe malo ndipo anakupatsani tsiku lakutali. Meseji ya tsiku limene munapempha malo ndi umboni. Kenako funsani funso lija la chimene chachititsa. Oyilo wochedwa kusintha sangaphe pampu ya mpweya ya sasipenshoni kapena mota ya zenera. Koma ngati munapitirira kwambiri ndipo chafa ndi turbo kapena ma bearing a injini, mlandu wanu ndi wofooka, ndipo nzeru ndi kulunjika pa kupempha thandizo la goodwill, loti kampani ilipireko gawo mwa kufuna kwake, m'malo molimbana.

Akanena kuti injini inamwa madzi, amatanthauza kuti madzi analowa m'masilinda n'kupinda zitsulo, poti madzi sapanikizika ngati mpweya. Ngati ndi madzi a mvula, fyuluta ya mpweya ndi mapaipi ake zimaonetsa, ndipo imeneyo ndi nkhani ya inshuwalansi yanu. Auzeni a inshuwalansi mwamsanga, musadikire kuti mkangano wa waranti uthe, chifukwa iwonso ali ndi masiku awo. Koma madzi oziziritsa injini amathanso kulowa m'masilinda kudzera mu gasiketi kapena choziziritsa utsi wobwerera mu injini (EGR) chimene chang'aluka, ndipo limenelo ndi vuto la galimoto. Labu imasiyanitsa ziwirizi, chifukwa madzi oziziritsa amakhala ndi mankhwala a glycol amene madzi a mvula alibe.

Akanena kuti mafuta anali oipa, musatsutse msanga. Dizilo wosakaniza ndi palafini alipodi ku South Africa, ndipo kumayambiriro kwa 2024 unduna woona za mphamvu unalengeza kuti unapeza malo 70 omwetsera mafuta akugulitsa dizilo wotero. Komabe kunena kokha si umboni. Pemphani kuti atunge mafuta m'thanki inu mukuona, m'mabotolo awiri otsekedwa ndi kusayinidwa, limodzi lawo limodzi lanu. Pampu ya dizilo imatha kudzidya yokha n'kumwaza tizitsulo m'mapaipi monse, mafuta ali abwinobwino. Labu ikapeza kuti mafuta analidi oipa, tengani malisiti anu mukakambe ndi a inshuwalansi komanso eni malo amene munathira.

Pali chifukwa cha kusintha galimoto: kuwonjezera mphamvu ya injini pakompyuta, kuchotsa DPF (fyuluta ya utsi wa dizilo), kudula mawaya poika zokuzira mawu kapena tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa. Ngati munawonjezera mphamvu nokha ndipo injini kapena giyabokosi yafa, musadzivute n'kukana, kompyuta imasunga chizindikiro ngakhale mutabwezeretsa. Ngati anachita ndi mwini woyamba ndipo dealer anakugulitsani osakuuzani, mlandu ndi wa dealer. Za tracker, funani setifiketi ya amene anaika.

Adzanenanso kuti munapitiriza kuyendetsa nyale yofiira itayaka. Kompyuta imasonyeza makilomita a pamene vuto linayamba ndi pamene galimoto inaima. Ngati munangoyenda pang'ono kufuna malo otetezeka usiku, fotokozani zimenezo ndi malo ake. Ponena kuti chinthucho changotha ndi ntchito, monga mabuleki ndi kilatchi, yang'anani pulani yanu, chifukwa mapulani okonza amalipira zambiri mwa izi kupatula matayala. Ndipo ngati galimoto imanyamula anthu pa Uber kapena Bolt, werengani zimene pangano lanu likunena za galimoto ya bizinesi musanalembe kalata iliyonse.

Chachisanu ndi chimodzi, pezani katswiri wanu

Mawu anu okha sangagwetse lipoti la makaniko wa dealer. Pamafunika lipoti lina. Funani injiniya kapena woyeza magalimoto woima payekha amene amadziwa mtundu wa galimoto yanuyo, kapena galaja yolembetsedwa ku MIWA, bungwe la magalaja oima paokha limene ndi nthambi ya RMI, bungwe la amalonda a zamagalimoto. Oyilo ndi mafuta angathe kuyezedwa ku labu monga WearCheck. Muuzeni katswiriyo kuti mukufuna lipoti lolembedwa, losayinidwa, lokhala ndi zithunzi ndi maphunziro ake, loyankha funso limodzi: chinachititsa n'chiyani, ndipo kodi chifukwa chimene kampani yapereka chingathe kuwononga motere? Dziwitsani dealer polemba tsiku limene abwere.

Lipotili limadya ndalama, koma poyerekeza ndi mtengo wa injini ndi laling'ono. Likanena kuti kampani ikunena zoona, lakupulumutsani ku miyezi ya kuvutika pachabe ndi ndalama za maloya.

Chachisanu ndi chiwiri, kalata

Lembani m'Chingerezi chosavuta, tsamba limodzi kapena awiri, kwa mkulu wa dealer, amene amamutcha dealer principal, ndi ku ofesi yosamalira makasitomala ya ku likulu la kampani. Pamwamba ikani VIN, nambala ya galimoto, makilomita ndi nambala ya pempho. Fotokozani masiku mwachidule. Tchulani chifukwa chimene apereka ndipo muchiyankhe ndi umboni, chimodzichimodzi. Tchulani ndime ya waranti imene ikuti akonze, ndi gawo la lamulo ngati likukhudza. Nenani chimene mukufuna: kukonza kwaulere, kubwezeredwa ndalama ya kukoka ndi ya lipoti, galimoto yoyendera podikira. Apatseni tsiku loti akhale atayankha, mwachitsanzo masiku 10 a ntchito, ndipo nenani kuti likadutsa mupita ku Motor Industry Ombudsman of South Africa.

Mkwiyo wanu ndi womveka, koma musauike m'kalata. Wowerenga ku likulu akufuna chinthu choti akaonetse bwana wake posintha chigamulo, ndipo chimenecho ndi lipoti ndi lisiti. Za Facebook ndi Hellopeter, tsamba la pa intaneti lodandaulirapo za makampani, ine ndingati dikirani. Nthawi zina zimafulumizitsa yankho, koma mukalemba mawu oti ndi akuba popanda umboni mwadziputira mlandu wina woipitsa dzina. Mukalemba, lembani zimene zinachitika basi.

Akakupatsani goodwill

Kawirikawiri yankho limabwera motere: sitikuvomera kuti talakwa, koma tilipirako gawo, mwina zitsulo ife, ntchito inu. Imeneyi ndiyo goodwill, ndipo imapezeka msanga kwa amene mbiri yake ya sevisi ndi yathunthu komanso galimoto yake sinapite patali. Si chinthu chonyozeka. Ngati mlandu wanu uli ndi pofooka, kapena galimotoyo ndi imene mumadyera, kulandira kungakhale kwanzeru kuposa kudikira miyezi mukulipira ngongole ya galimoto yoima. Gawo loyamba limene atchula mungathe kupempha kuti alikweze, makamaka muli ndi lipoti m'manja.

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la pafoni musaliwerengere mpaka litalembedwa ndi ndalama zake. Werengani mosamala ngati muli mawu oti full and final settlement, chifukwa mukasayina pamenepo mwatseka nkhani yonse ndipo simungadzapitenso kwa ombudsman pa vuto lomwelo. Funsani ngati akuika injini yatsopano kapena yokonzedwanso, waranti ya ntchitoyo ndi yotalika bwanji, ndiponso ngati waranti ndi pulani ya galimoto yonse zikupitirira. Ngati mwakakamizika kulipira kuti galimoto ituluke mkangano usanathe, lembani imelo musanalipire yonena kuti mukulipira mosagwirizana nazo ndipo simukutaya ufulu wanu wodandaula, kenako tengani zitsulo zakale.

Akakanitsitsa

Khomo lotsatira ndi Motor Industry Ombudsman of South Africa, MIOSA mwachidule, imene ili ku Pretoria ndipo ndi yovomerezeka pansi pa lamulo loteteza ogula. Kupereka dandaulo n'kwaulere. Amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa dealer kapena kampani, n'chifukwa chake makalata aja ndi ofunika. Dzazani fomu yawo, phatikizani tsamba lanu la masiku, kalata yokana, lipoti la katswiri ndi malisiti. Iwo amafunsa mbali inayo, amaunika, n'kupereka maganizo awo a mmene nkhani ithere. Sizichitika msanga, choncho sungani nambala ya dandaulo ndipo muzifunsa.

Kampani ikakana kutsatira, kapena inu simunakhutire, pitani ku National Consumer Commission mutatenga kalata ya MIOSA. Commission ingathe kufufuza n'kupititsa nkhani ku National Consumer Tribunal, bwalo loweruza nkhani za ogula. Ikakupatsani kalata yoti siipititsa, mungathe kupempha Tribunal nokha kuti imve nkhani yanu, koma nthawi yochitira zimenezi ndi yaifupi, musagone nayo kalatayo. Lamulo limaletsa kupititsa dandaulo ku Tribunal patatha zaka 3 chichitikireni nkhaniyo. Ngati mwakanidwa chifukwa chongopita ku galaja ya kunja, dziwitsaninso Competition Commission.

Ngati wakana ndi kampani ya inshuwalansi ya waranti yowonjezera ija, khomo lanu ndi National Financial Ombud Scheme, imene inayamba pa 1 March 2024 pophatikiza maofesi akale a ombudsman a inshuwalansi, mabanki ndi ngongole. Kalata yokana ya inshuwalansi iyenera kupereka zifukwa ndi kukupatsani masiku osachepera 90 oti mutsutse kwa iwo eni. Masiku onse otchulidwa m'kalatamo alembeni pa kalendala.

Pa nthawi yonseyi musasiye kulipira kubanki. Pangano la ngongole ndi lina, la waranti ndi lina, ndipo mpaka mutamaliza kulipira mwini galimoto papepala ndi banki. Mukasiya, alanda galimotoyo pamodzi ndi umboni wanu, dzina lanu n'kuipa. Auzeni polemba kuti pali mkangano. Inshuwalansi nayonso isaduke ngakhale galimoto yaima.

Khoti likhale lomaliza. Gawo 69 la Consumer Protection Act limayembekeza kuti muyambe mwayesa njira zinazi, ndipo makhoti abwezapo anthu amene anazilumpha. Small Claims Court imamva nkhani za ndalama zochepa popanda loya (malire amene anaikidwa mu 2019 anali R20 000), ndiye ingathandize pa ndalama ya kukoka kapena kachitsulo kakang'ono. Za injini zimapita ku khoti la majisitireti kapena lalikulu, kumene mudzafuna loya ndipo mukagonja mungalipire ndalama za mbali inayo. Kawirikawiri ufulu wosumira nkhani ya ndalama ngati imeneyi umatha pa zaka 3, choncho onanani ndi loya nthawi ikadalipo.

Galimoto ikawonongekera kumudzi

Ambiri timakwera nazo galimotozi pa December, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Musananyamuke funsani polemba ngati waranti, pulani ndi thandizo la panjira zimagwira ntchito kunja kwa South Africa ndiponso m'mayiko ati. Onani ngati sevisi ikwanira muli m'njira, muichitiretu. Ikakuvutani muli ku Blantyre kapena ku Lilongwe, imbirani likulu la kampani ndi kulemba imelo makaniko aliyense asanamasule kanthu, mupemphe malangizo awo polemba, ndipo sungani malisiti a mafuta a ulendo wonse. Amene mwagula galimoto yoyendako kale kuchokera ku Japan kapena ku Britain n'kuilowetsa ku Malawi, musayembekeze waranti ya wopanga, chifukwa zambiri zimafika itatha kapena yosagwira ntchito kuno. Nkhani yanu ili ndi amene anakugulitsani, ndipo ngati ndi wabizinesi wa ku Malawi, dandaulo lanu mukapereke ku Competition and Fair Trading Commission mutatenga pangano logulira, malisiti ndi lipoti la makaniko.